Zilazi Zoyamba

"Akakufunsani, mukakane," anatero Agbeko, loya wa Dzigbodi, ali pakhonde la khoti mumzinda wa Ho. "Eni mundawo simunawapatsepo kanthu. Mwamva, Daavi?"

Daavi ndi mmene anthu ankamutchulira Dzigbodi mwaulemu. Munda wa mlanduwu anaulima zaka makumi awiri ndi zisanu, ana anakulira momwemo, mwamuna wake wagona kumapeto kwake. Lero Selorm, mwana wa malemu mwini malo, wabwera kuchokera kunja ndi chikalata m'manja, mabikoni a malire wakhoma kale pakati pa chinangwa.

"Lamulo la malo limakonda amwano," anapitiriza Agbeko. "Mukakhala pamalo zaka khumi ndi ziwiri osapempha, osathokoza, malowo ndi anu. Mukathokoza, mwavomera kuti ndinu mlendo. Komanso akufuna kulisintha kuti malo olembetsa asamalandidwenso. Mukaphonya lero, basi."

"Ndiye ulemu wasanduka mlandu?"

"Lero lokha, Daavi. Mawa mudzayambirenso."

Vuto linali zilazi. Chaka ndi chaka zikakhwima, iye asanalawe n'komwe, ankasenza zoyamba kukatula kwa Dada Yawa, mayi ake a Selorm. Palibe anamutuma. Ndi mmene analeredwera basi, ndipo ankanyadira.

M'khoti anawaona Dada Yawa atakhala kumbuyo kwa mwana wawo, maso atachita khungu, ndodo pamiyendo. Mtima unamupweteka. Koma adzukulu atatu akadya kuti? Pamsinkhu wake akayambira pati?

Loya wa Selorm anaimirira. "Mayi, kodi munapatsapo banja ili chilichonse chochokera m'mundamo?"

Dzigbodi anayang'ana pansi.

"Ayi, bwana. Ngakhale chilazi chimodzi."

Agbeko anapumira m'mwamba. Koma kumbuyo ndodo inagunda pansi, gu!

"Bodza!" Dada Yawa anali ataimirira. "Ndani wamuopseza mwanayu kuti adzinyoze chonchi? Bwana woweruza, ine sindiona koma kudya ndimadya. Mkazi uyu sanaphonyepo chaka! Ngakhale chaka cha chilala anabwera ndi zilazi ziwiri, atagwada pakhomo panga. Uyu wangayu, wa masuti uyu, anatumizapo chiyani? Zithunzi! Musamulembe kuti ndi wamwano, ndakana!"

Anthu anaseka. Selorm nayenso anaseka, nayang'anizana ndi loya wake, amene anangokhala pansi osafunsanso china. Woweruza analemba nthawi yaitali. Agbeko anatseka faelo pang'onopang'ono, osamuyang'ana Dzigbodi.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Dzigbodi anatsamira chipupa. Anamva ndodo ikuyandikira, kenako dzanja lofooka likufufuza mkono wake.

"Ndakuyeretsa, mwana wanga," anatero Dada Yawa, nkhope ili mwee. "Palibe adzakunenenso. Nanga zilazi chaka chino zabereka bwanji?"

Dzigbodi anagwira dzanja lija.

"Zabereka, Dada. Zabereka kwambiri."