Chikuto cha Chaka Chino

Davide Kachingwe anali wa ku Ntcheu, ndipo pofika chaka cha 2010 anali atakhala zaka zisanu ndi chimodzi pa makina a fotokope mushopu ya a Cassim ku Fordsburg, mumzinda wa Joni. Shopuyo inali yopapatiza, yopanikizika pakati pa wogulitsa makatani ndi wokazinga masamusa. Anthu ankabwera kudzajambulitsa mapasipoti, makalata ofunsira ntchito ndi mapologalamu a maliro, koma chimene chinkayenda malonda anali mabuku a ophunzira kuyendetsa ndege. Ana a ku Kenya, ku Nigeria ndi ku Congo anali mbwee m'masukulu a ndege ozungulira Joni, ndipo onse ankatsinana khutu kuti buku lowawa mtengo kusitolo, kwa Cassim ukalipeza motchipa.

Limene linkatha msanga linali buku la zanyengo. A Cassim anali nalo limodzi lokha lenileni, la 2004, limene wophunzira wina analiiwala pakauntala. Januwale aliyense ankauza Davide kuti asinthe chaka pachikuto, nawonjezera pansi pake mawu akuti lakonzedwanso. Davide anali waluso pa zimenezi. Chikuto chake chinkawala kuposa cha eni bukulo.

"Nanga zam'katimu, bwana?" anafunsapo kamodzi.

"Zam'kati zatani?" anatero a Cassim. "Mitambo yasintha? Mvula yayamba kugwa kuchokera pansi?"

Davide anabwerera pa makina ake, pakuti zoona mvula inali kugwabe kuchokera kumwamba.

Munthu ukaima tsiku lonse pamene mapepala akutulukira, maso sakhala chabe. Davide analiwerenga bukulo mpaka linamulowa m'magazi. Ankadziwa mitambo mayina ake, ankadziwa chimene chimabala matalala a ku Joni aja oswa magalasi a galimoto, ndipo ankatha kumasulira malipoti a nyengo amene oyendetsa ndege amalandira asananyamuke, mizere ya zilembo ndi manambala yooneka ngati nkhuku yapalasa.

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, wophunzira wina dzina lake Bheki anasiya buku lenileni la chaka chimenecho kuti amujambulire masamba khumi. Pa nthawi ya nkhomaliro Davide anayala mabuku awiriwo pambalipambali, bledi ali m'manja. Bledi uja sanamumalize. Mitambo inalidi yomweyo, koma kalembedwe ka nthawi m'malipoti kanali katasintha. Kale ankalemba maola okha a nthawi imene nyengo isinthe. Tsopano ankayamba ndi tsiku la mwezi, ola pambuyo. Munthu wowerenga mwakale akanatha kuganiza kuti mabingu ayamba twelofu koloko, pamene pepala likunena za tsiku la twelofu.

Anakawaonetsa a Cassim. Iwo anayang'ana masambawo pamwamba pa magalasi awo.

"Alipo amene wabwera kudzadandaula?"

"Palibe, bwana."

"Ndiye iwe ukudandaulira ndani?"

Patapita sabata, mushopu munalowa mtsikana wovala mpango wobiriwira ndi shati loyera la ophunzira ndege. Anapeza Davide akulankhula pafoni ndi mkazi wake za feteleza, ndipo anadikira mpaka atamaliza.

"Muli bwanji, abambo? Ndamva chilankhulo cha kwathu."

Anali Subira, wa ku Mangochi. Anauza Davide kuti makolo ake anagulitsa boti ndi maukonde kuti iye abwere kudzaphunzira kuno, ndipo m'kalasi mwawo mtsikana anali yekha. Ankafuna buku la zanyengo, lomwe anzake onse anagula pompo.

Davide analitenga pashelefu, nalipukuta fumbi ndi dzanja. Chikuto chinali mbee, chaka chili pamwamba. A Cassim anali kuseri akukangana ndi wobweretsa mapepala. Davide anayang'ana mtsikanayo, naganizira za boti lija. Kenaka anabweza bukulo pamalo pake.

"Achemwali, musagule ili," ananong'oneza. "Chikuto chokha ndicho cha chaka chino. Pitani kusitolo ya kubwalo la ndege mukagule lenileni. Mtengo ukuwawani, koma mudzandikumbuka."

Subira anathokoza mogwada pang'ono, natuluka. Madzulo ake Davide anakwera takisi yobwerera ku Joubert Park, kumene ankakhala, mtima uli myaa, ngati munthu wochokera kukalapa.

Mtsikanayo anamukumbukadi. Patatha masabata atatu Subira analowanso mushopumo, ulendo uno wopanda moni. Anaponya pakauntala pepala la mayeso lodzaza inki yofiira.

"Tinalipo eyiti," anatero. "Seveni akhoza. Onse seveniwo anawerenga buku lanu lakale lija. Ine wa buku latsopano ndalephera ndekha."

Anali mayeso a pasukulu pawo, amene munthu amayenera kukhoza asanaloledwe kukalemba a boma. Wolephera ankabwereza kosi yonse ya zanyengo, miyezi iwiri, ndege akungoiona pawindo. Davide anawerenga pepalalo mosamala. Paliponse pamene Subira analemba nthawi mwa kalembedwe katsopano, aphunzitsi anakhwatcha. Pena analembapo ndi mawu: werenga buku lako.

"Mayankho anuwa ndi olondola," anatero Davide.

"Ndikawauze zimenezo bambo anga? Kuti ndalephera molondola?"

Davide anapinda pepalalo, namubwezera. Anali atachita chabwino kamodzi m'zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chabwino chakecho ndicho chinagwetsa mwana wa eni. Loweruka linali tsiku lake lopuma. Anauza Subira kuti akumane m'mawa pa Park Station, pokwerera mabasi ndi matakisi, abweretse buku lake latsopano lija.

Anakwera matakisi awiri mpaka kubwalo la ndege zing'onozing'ono kunja kwa mzinda. Davide anavala jekete lake la kutchalitchi. Sukuluyo inali zipinda zitatu pafupi ndi shedi ya ndege, ndipo aphunzitsi a zanyengo anali a Lungelo, bambo wa imvi amene anaulutsa ndege za katundu zaka makumi atatu. Anali munthu waulemu. Anapatsa Davide mpando, namufunsa ngati ndi bambo ake a Subira.

"Ayi, baba. Ndine wakwawo chabe."

"Ndikumvetsa kuti zawawa," anatero a Lungelo. "Mwanayu ndi wanzeru, mumlengalenga amaposa anyamata onsewa. Koma ine sindichonga za m'mutu mwanga. Ndimatsata buku, ndipo ndimaonetsetsa kuti chaka chilichonse ndili ndi latsopano. Pa ntchito yathuyi munthu wotsalira m'mbuyo amapha anthu."

Anatsegula kabati, natulutsa buku, naliika patebulo monyadira. Davide analiyang'anitsitsa bukulo. Ankalidziwa ngati mwana wake. Waya wa kumsana kwake anapinda ndi iye.

"Onani chaka," anatero a Lungelo, chala chili pachikuto. "Ndimatuma wophunzira Januwale aliyense kukandigulira ku Fordsburg."

Kumbuyo kwawo, pashelefu, panali ena asanu, atandandalikidwa bwinobwino motsatana zaka.

Davide anakhosomola. Akanatha kunena kuti anangomva kwa anthu. Koma Subira anali chiimire pakhomo, manja atapinda, akumuyang'ana.

"Baba, tsegulani la 2005 ndi la chaka chino, tsamba lomwelo lililonse."

A Lungelo anatsegula. Anatsegulanso pena. Pa tsamba lina panali kachithunzi ka ntchentche imene inafera pagalasi la makina kalekale, ndipo inali m'mabuku onse awiri, pakona yomweyo. Anatsitsa ena aja. Ntchentche inalimo monse.

"Mukudziwa bwanji zimenezi?"

"Zikutozo ndimapanga ndine."

Kunja ndege ina inali kuyesa injini. Kenaka Davide anapempha kuti atulutse pakompyuta lipoti la nyengo la m'mawa umenewo. A Lungelo analitulutsa, ndipo mosaganizira n'komwe analiwerenga mokweza: tsiku lakuti, kuyambira ola lakuti, mphepo ya kumpoto, mabingu masana. Analiwerenga mwa kalembedwe katsopano, osaphonya. Ndimo mmene ankaliwerengera m'mawa uliwonse kwa chaka ndi miyezi, asanalole ana kukwera ndege. Akalowa m'kalasi ankatsegula buku n'kuphunzitsa zakale, ndipo ziwirizi zinali zisanakumanepo m'mutu mwawo.

"Eish," anatero. Anavula magalasi, nakhala nthawi akusisita m'maso. "Eish, madoda."

Anali munthu wachilungamo, ndipo chilungamo chawo chinagwa ngati matalala. Lolemba anachonganso mapepala onse ndi buku la Subira. Subira anakhoza. Mwa seveni aja, asanu analephera.

Lachiwiri asanuwo anafika ku Fordsburg pamodzi, mabuku ali m'manja. Phokoso lake linaimitsa ngakhale wa masamusa. A Cassim anawamvetsera modekha, akugwedeza mutu mwachisoni, kenaka analoza Davide.

"Mwamva nokha kuti zikuto amapanga ndi uyu. Ine ndimamukhulupirira. Davide, wandichititsa manyazi pamaso pa makasitomala. Tenga jekete lako."

Davide anatenga jekete lake. Pakhomo mnyamata wa ku Kenya anamutukwana kuti ndi wakuba, wa ku Congo anamutukwana kuti ndi kazitape, ndipo Davide anaona kuti onse awiri anali ndi mfundo.

Anakhala masiku khumi ndi awiri kuchipinda kwake ku Joubert Park, pansanjika yachisanu ndi chiwiri, akuyang'ana mitambo ikuunjikana kumwera masana aliwonse. Subira anabwera kamodzi ndi nsomba zouma zochokera kwawo. Anapepesa chifukwa cha mawu ake aja, nanena kuti mayeso a boma alemba mwezi wamawa. Anzake m'kalasi anali atasiya kumulankhula.

Tsiku la khumi ndi chitatu foni inalira. Anali a Cassim. Makina anali atatafuna mapepala, ndipo palibe wina ankadziwa pomenya kuti alavule.

Davide atafika anapeza chikwangwani chatsopano pawindo: mabuku athu onse a ndege amawunikidwa ndi katswiri. Pakauntala panali buku lenileni la zanyengo la 2010, likadali m'pulasitiki.

"Katswiriyo ndani, bwana?"

"Ndi iwe. Kuyambira lero uziwerenga chilichonse chimene chasintha, tsamba ndi tsamba. A Lungelo akuti sagulanso buku lomwe sunaliwone." A Cassim anamusisita paphewa. "Ndinakuuza kalekale kuti zam'kati n'zofunika."

Panatsala nkhani ya mabuku akale makumi anayi amene anali atamangidwa kale. Davide anati awataye. A Cassim anadabwa kwambiri kuti munthu wopemphera angataye maphunziro. Anali atamva kuti mpingo wa Davide ukusonkhanitsa mabuku oti atumize ku sukulu za kumudzi, ndipo anali ataimbira kale abusa. Abusawo anasangalala, mpaka analonjeza kudzatchula dzina la a Cassim paguwa.

Choncho Lachisanu masana Davide anapezeka pa Park Station ndi makatoni awiri olembedwa kuti Ntcheu. Basi ya ku Malawi inali itachedwa, monga mwa masiku onse. Anayang'ana makatoniwo kwa kanthawi. Kenaka anabwereka cholembera kwa mayi wina wa ku Balaka, namasula chingwe cha katoni yoyamba, nakhala pansi pakati pa zikwama ndi mafiriji opita kumudzi. Pa tsamba loyamba la buku lililonse analemba m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu: Za mitambo n'zoona. Za manambala funsani kaye.

Anali pa buku la makumi awiri ndi chitatu pamene kondakitala anayamba kukuwa kuti katundu alowe.