Amalume a Sandra

Chopsetsa mtima n'chakuti Filomena sanalakwe kanthu. Anangochita zimene anamuphunzitsa kwawo ku Kabwazi.

Tsikulo kunali chifunga, kuzizira kolowa m'mafupa kuja. Iye anali m'chipinda chake ku hositelo ya atsikana pa yunivesite, akumalizitsa pa laputopu kafukufuku woti amalizire digiri, pamene munthu anaodira pakhomo. Bambo wachikulire, imvi mbuu, kolona m'khosi, thumba la kachewere paphewa.

"Ndine malume wake wa Sandra, ndachokera ku Chimbiya. Alipo mwanayu?"

Sandra, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, anali ku laibulale, foni atasiya pa chaja. Nanga mwana woleredwa bwino n'kusiya munthu wamkulu chilili pakhonde, mphepo ikumuwomba? Anagwada, kupereka moni, kuwapatsa mpando, iye liwiro kukaitana mnzake.

"Amalume ati?" anadabwa Sandra. "Amayi anga alibe mchimwene."

Atabwerera kuchipinda, anapeza mpando uli wokha. Laputopu palibe, foni palibe. M'thumba lija kachewere anali pamwamba pokha, pansi ponse zitsononkho za chimanga. Galu wachabechabe, mpaka kuvala kolona!

Filomena anathamangira kuchipata kwa a Alufeo, mlonda wa masana.

"Madala aja? Aa, ndawathandiza n'kusenza komwe polowa. Munthu wopemphera ngati uja ndikanamufunsa chiyani?"

"Ndiye mumalondera chiyani pano, chipata kapena mbaula yanuyo?"

Ku ofesi anangomuuza kuti kafukufuku ayambirenso, n'kuwonjezera kuti iyenso amasiyiranji mlendo chipinda. Apa ndiye anayaka moto. Anamema atsikana a hositelo yonse, kukasokosa pakhomo pa ofesiyo mpaka lamulo linatuluka: mlendo aliyense azithera pachipata, katundu azikhuthulidwa, kaya ali ndi imvi kaya alibe.

Nkhani ya laputopu itamveka kumudzi, bambo ake, a Vinsenti, anakwera minibasi kudzamupepesa, osamuuza. Munthu sayendera mwana chimanjamanja, ndiye anasenza kachewere wa m'dimba mwawo.

Atamuitana, Filomena anawapeza atanyonyomala m'matope kunja kwa chipata, akutola kachewere mmodzimmodzi. Anyamata odutsa ankaseka.

"Mwawachita chiyani bambo anga?" anakalipa Filomena.

"Lamulo ndi lanu lomwe, achemwali," anatero a Alufeo, osadzuka n'komwe pa mbaula.

 Filomena anagwada m'matopemo n'kuyamba kutola nawo, misozi yaukali ikugwera pa manja. Mumtima ankatukwana nkhalamba ya kolona ija, makolo ake ndi mudzi wake wonse.

"Filo," anatero a Vinsenti motsitsa mawu, "ndimati ndikaone pomwe umagona, amayi ako akandifunsa."

"Sizitheka, ababa."

Anamasula chitenje chake, kuyala pa udzu wonyowa m'mbali mwa msewu, n'kuwauza kuti akhale pomwepo.