Alamu pa Mzere wa Chakudya

Atelala anayamba kupita kukathandiza ku holo yodyetsera anthu osowa akazi awo atamwalira, m'nyumba mutangoti zii. Maso anali atafooka, ulusi sunkalowanso pasingano, koma mpeni ankaugwira bwino. Ntchito yawo inali yosankha. M'mawa uliwonse Adalaivala ankatsitsa zotsala za kumsika ndi m'mashopu: kabichi wofota, matimati ophwanyika mbali imodzi, buledi wogona, nthochi zakuda makoko. Atelala ankachotsa powola n'kusiya pabwino, mosamala ngati akudula nsalu ya eni ake. Pofika masana zonsezo zinali zitasanduka chakudya, ndipo aliyense wolowa pakhomo ankadya osalipira.

Woyang'anira anali Anesi, mayi amene anapuma ntchito kuchipatala koma pakamwa osapuma. Aliyense wobwera kudzathandiza ankamuuza chinthu chimodzi.

"Muno simudziwa munthu. Kaya ndi neba wanu, kaya anakuphunzitsani kusukulu, musamutchule, musamufunse za kunyumba. Mukangoonetsa kuti mwamuzindikira, achita manyazi, mawa sabweranso."

Atelala analiona lamulolo kuti ndi labwino, ndipo analisunga.

Tsiku lina wogawa nyemba sanabwere, Anesi n'kuwapatsa Atelala chipande. Ali mkati mogawa, anaona jekete yotuwa pamzere. Anaidziwa asanaone nkhope, poti anaisoka okha. Tsopano inkangolendewera m'mapewa. Anali alamu awo, mlongo wa malemu akazi awo, amene kale anali ndi golosale ndiponso mawu aakulu. Masiku amenewo akakumana ankakuwa ali patali: "Alamu, mlongo wanga mukumudyetsa chiyani, zidutswa za nsalu?" Chichokereni pamaliro sanaonanenso. Panalibe mkangano, aliyense ankangodikira kuti mnzake ndiye ayambe. Koma padziko panalibenso wina amene Atelala akanakamba naye za mayi uja, kasekedwe kake, ukali wake, n'kumvana.

Mzere unasendera. Alamuwo anatambasula mbale, anadzutsa maso, milomo ikuyamba kutseguka. Koma Atelala anayang'ana mumphika.

"Nyemba, bambo?" anafunsa, monga ankafunsira aliyense.



"Pang'ono chabe, bambo," anayankha alamuwo.

Anakadyera pafupi ndi khomo, atafulatira. Buledi anamusiya patebulo.

Atelala anabwerera kunyumba akudziuza kuti achita bwino, munthu amusungira ulemu wake. Mawa lake anapempha okha chipande. Jekete ija sinaoneke. Mkuja wake chimodzimodzi. Sabata itatha, akutsuka mapoto, anawafotokozera Anesi.

Anesi anaika poto pansi. "Inu Atelala inu! Alamu anu enieni?"

"Munati kaya ndi ndani."

"Ndinatero, inde. Koma aaa!" Anapukuta manja pa epuloni.

"Awatu," anatero Adalaivala akuunjika makatoni, "ngakhale malemu amayi akunyumba kwawo atadzuka lero, angawafunse kuti nyemba, mayi?"

Palibe anaseka. Adalaivala ananyamula makatoni awo n'kutuluka.

Anesi anatenga kontena, anaikamo mpunga ndi nyemba, anatseka mwamphamvu n'kuwapatsa Atelala. "Mapoto titsuka ife. Pitani."

Pamene panali golosale tsopano pankametedwa tsitsi. Atelala atafunsa za alamu awo, wometayo, osasiya mutu umene ankameta, analoza ndi chibwano kanjira kopita kuseri. Kumeneko kunali kachipinda ka chitseko chamalata, ndowa yopanda madzi pakhomo, ndi jekete ija itayanikidwa pachingwe. Atelala anagogoda.

"Ndani?"

"Ndine, alamu."



"Kuno kulibe alamu anu, bambo. Mwasochera."

"Ndabweretsako chakudya."

"Kagaweni pamzere."

Atelala anayandikitsa pakamwa pampata wa chitseko. Anafotokoza za lamulo la kuholo, mmene anthu amathawira akazindikiridwa, mmene iwo ankafunira kuti alamu awo adye momasuka, azibwera tsiku lililonse. Ankalankhula pang'onopang'ono, ndipo akudzimva okha anaona kuti zonsezo n'zoona, koma sizikufika kumene akuzituma.

"Ndimati musachite manyazi," anamaliza motero.

"Manyazi?" Mawu a mkatimo anali osasa. "Golosale anandilanda anthu akuona, manyazi anathera pomwepo. Wometa uyu ndiye anandiuza kuti mumapezeka kuholo. Ndinachapa jekete, ndinayenda mtunda wonse uja wapansi. Inu mumati ndimatsata nyemba?"

 Kutsogolo makina ometera ankalira, wina akuseka nkhani za mpira. Atelala anayang'ana pokhala, anatembenuza ndowa ija n'kukhalapo, kontena ili pamaondo, ikutenthabe pang'ono.

"Ndikhala pano, alamu," anatero.

Mkati bedi linalira, ngati munthu watembenukira kukhoma, kapena wadzuka n'kukhala tsonga. Atelala sanathe kusiyanitsa. Chitseko sichinatseguke, koma sanauzidwenso kuti azipita.