Dzina Losowa pa Mwala wa Manda

Wosema miyala anali atatenga kale pepala la mayina pamene Tsuyako analigwira ndi dzanja. Anamuuza kuti ayambe wadikira, pakuti panali dzina limodzi losowa.

Mchimwene wake wamkulu, Shigeharu, anapukusa mutu. Mwala watsopano wa manda a banja, paphiri la mumzinda wa Kure, ankaukonzetsa ndi iyeyo, ndipo analemba aliyense kupatula Tomekichi, mng'ono wa bambo awo. Chifukwa chake panalibe wosachidziwa. Nthawi ya nkhondo yaikulu, sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi imene Tomekichi ankagwiramo ntchito inamira ndi anthu onse, koma patapita sabata ziwiri mayi wina wogulitsa nsomba anamuona pamsika ali bwinobwino. Kenako sanaonekenso. Agogo awo aamuna anagamula kuti anathawa nkhondo, ndipo anachotsa chithunzi chake pakhoma.

"Iwe Tsuyako, fupa lokakamiza limaswa mphika," anatero Shigeharu. "Ukufuna tiseme manyazi pamwala?"

"Achimwene, mwaweruza munthu zaka makumi asanu ndi atatu ndi mboni imodzi, nayonso ya pamsika. Ndipatseni miyezi iwiri."

Tsuyako analibe nkhawa ngakhale pang'ono. Anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu, ndipo ankadziwa kuti boma likhoza kutaya munthu, koma pepala lake silitaya. Anasonkhanitsa zikalata za kaundula zosonyeza ubale wawo, nkulembera ofesi ya kulikulu yosunga mbiri ya asilikali apamadzi. Shigeharu akamufunsa monyoza ngati a kulikulu aja ayankha, iye ankangoti kuona maso a nkhono nkudekha.

Yankho linafika kutatsala masiku asanu kuti tsiku lokumbukira akufa likwane. Tsuyako sanaimbe foni. Anakwera basi, nakamupeza mchimwene wake akutsokomola pakhonde, ndipo anamuwerengera yekha mokweza.

Tomekichi anatsitsidwa m'sitima yoyamba ija tsiku lonyamuka chifukwa cha chifuwa. M'chombo chimene anthu zana amapumirana mpweya umodzi, wotsokomola sankamulola kukwera. Atatuluka m'chipatala anamupatsa sitima ina, imene inanyamuka mu Epulo chaka chomaliza cha nkhondo, ndipo sinabwerere. Kalata ya imfa yake inatumizidwa ku nyumba yawo yakale, imene panthawiyo inali itapsa kale ndi mabomba, banja litathawira kuzilumba.

Shigeharu anavula magalasi. Chimene chinamupweteka kwambiri chinali chakuti kuyambira ali mnyamata ndiye ankaika mpunga paguwa la makolo m'nyumba, ndipo mbale ya Tomekichi sanaiikepo ndi tsiku limodzi lomwe. Analira osabisa, Tsuyako nkumusiya alire.

M'mawa mwake anapita onse kwa wosema uja. Wosemayo anakanda mutu: poopa kuchedwa, mayina ena onse anali atawasema kale, ndipo malo otsala anali amodzi okha, pambali pa dzina la bambo awo. Malowo Shigeharu anadzisungira yekha, ndipo anali atawauza ana ake kangapo konse.

Shigeharu anayang'ana mwalawo kwa nthawi, natsokomola, kenako analoza ndi ndodo yake.

"Lembani Tomekichi pamenepo, akhale pafupi ndi mkulu wake. Ine ndili ndi chifuwa, ulendo uno sindikwera nawo."