Zala Ziwiri za Meinolf

Lolemba m'mawa Gisbert Hennecke atatsegula shopu yake ya matabwa, anapeza kuti munthu wina wasesa pansi pa makina ochekera. Izi zokha zinamudabwitsa, chifukwa m'shopu imeneyo munalibe munthu wokonda tsache. Atagwada, anaona utuchi utaumbika timibulu takuda m'ming'alu ya simenti. Anakanda kamodzi ndi chikhadabo. Anali magazi.

Anadzutsa mutu. Chotchingira mpeni wa makinawo, chija chimateteza zala, chinali pakhoma, pamsomali pomwe iye mwini anachikoleka masabata atatu apitawo. Anachichotsa chifukwa chinkachedwetsa ntchito ya masitepe a mtengo wa thundu, amene mwini wake ankaimba foni tsiku ndi tsiku.

Asanaimirire n'komwe, foni inalira. Anali Roswitha, mkazi wa Meinolf. Meinolf anali kalipentala wake wamkulu, munthu amene anapala naye matabwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

"Alamu, anzanu sabwera," anatero Roswitha. "Ali m'chipatala. Loweruka anadzidula zala ziwiri. Madokotala azisokerera, koma akuti sakudziwa ngati zidzagwirenso kanthu."

"Anadzidulira kuti?"

"Iwo akuti kunyumba, powaza nkhuni. Mukawafunse nokha. Ine zabodza sinditha."

Nkhuni! Nyumba ya Meinolf imafunditsidwa ndi gasi, ndipo nkhwangwa yake anabwereketsa kwa mpongozi wake kalekale. Kwathu kuno ku Sauerland, m'mapiri a ku Jeremani, mwamuna akanama, amanama moipa, chifukwa sanazolowere.

Gisbert anamupeza Meinolf m'chipatala atagona chagada, dzanja lamanja lili m'mwamba pa mitsamiro iwiri, litakulungidwa mpaka m'chigongono. Nsonga za chala chachikulu ndi chamkombaphala zinkasuzumira m'bandeji, zotupa, zabuluu.

"Abwana afika," anatero Meinolf. "Maluwa anga ali kuti?"

"Maluwa a chiyani, nkhalamba yabodza iwe? Nkhuni zake ziti?"

"Tsitsani mawu, anamwino amva." Meinolf anayang'ana kuchitseko. "Ndinapita ndekha Loweruka kuti ndimalize masitepe aja. Thabwa linadumpha, basi. Ndinamanga dzanja ndi malaya, zala ndinaika m'thumba la masangweji, Roswitha n'kudzanditenga."

"Ndipo unayamba wasesa kaye."

"Ndi dzanja lamanzere. Ndinasesa bwino, eti?" Anaseka, koma milomo inali itatuwa. "Tamverani, abwana. Mukalemba kuti ndavulalira kuntchito, a bungwe abwera. Aona chotchingira chili pakhoma. Chindapusa pompo, ndalama za chaka chamawa n'kukwera, mwinanso makina n'kuwatseka. Zaka khumi ndi chimodzi takhala opanda ngozi. Musaononge zimenezo chifukwa cha zala za munthu wokalamba."

Bungwe limene ankanenalo ndi la inshuwalansi ya ngozi za pantchito. Mwini shopu aliyense amasonkhako chaka ndi chaka, wantchito sachotsa ngakhale senti. Ntchito ikakhala yoopsa, msonkho umakula: a mu ofesi amapereka zochepa, ife a matabwa zambiri, okhoma madenga zoposa pamenepo. Ukakhala zaka popanda ngozi amakuchotserako, ngozi zikachuluka amakuonjezera. Kalata yawo ikafika, Gisbert ankaiponya pa benchi n'kukuwa kuti, "Akuba aja alembanso!" Meinolf anamva mawu amenewo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo, abale inu, anawakhulupirira.

Potuluka, Gisbert anakumana ndi Roswitha pakhonde, atagwira kapu ya khofi wozizira.

"Ndafunsa dokotala," anatero mayiyo. "Akuti ikakhala ngozi ya kunyumba, amuchiza ndithu, bala lipola. Koma zophunzitsa zala kugwira zili ndi malire ake. Ikakhala ya kuntchito, a bungwe samusiya mpaka atachita zonse zimene zingatheke. Alamu, munthu uyu sadziwa china chilichonse koma matabwa. Akakhala pakhomo miyezi itatu andifera pampando."

Lamulo limapatsa mwini ntchito masiku atatu kuti anene za ngozi. Tsiku loyamba Gisbert sanalembe kanthu. Lachiwiri anachita chinthu chimene mpaka lero akachikumbukira makutu ake amafiira: anatsitsa chotchingira chija, n'kuchimangirira pa makina, n'kutsuka simenti ndi madzi otentha. Atamaliza anaima n'kuyang'ana. Zonse zinali bwinobwino. Akanatha kungokhala chete. Akanathanso kulemba kuti ngozi inachitikadi kuntchito koma chotchingira chinalipo, Meinolf ndiye anapusa. Ndani akanatsutsa? Meinolf yemweyo akanavomera ndi mutu.

Ndipo n'chimene chinamudwalitsa. Munthu wataya zala, n'kusesa magazi ake omwe ndi dzanja lamanzere kuti bwana asavutike, ndiye bwanayo amusenzetsenso upusi? Anakhala pa benchi ya Meinolf. Pensulo yake inali pomwepo, yolumidwalumidwa kumapeto, pamodzi ndi magalasi ake omata ndi selotepi. Akulu anati mlandu suola. Gisbert anamva manyazi, manyazi enieni.

Lachitatu m'mawa anadzaza fomu. Pamene pamafunsa mmene ngozi inachitikira analemba kuti: "Makina analibe chotchingira. Ndinachichotsa ndine." Kenaka anaimbira Meinolf.

"Ndalemba zonse. Ukawauze madokotala zoona."

"Mwapenga, abwana."

"Ndapenga, inde. Iwe gona."

Sabata yotsatira kunabwera mayi wa ku bungwe, Mayi Lohmar, wamfupi, wovala nsapato za mvula. Gisbert anamulandira atavala jekete ya kutchalitchi, nkhope ili ngati ya munthu wopita kukanyongedwa. Mayiyo anawerenga fomu ija, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Woyendera makina abwera Lachisanu, Bambo Hennecke, ndipo sadzakusekererani. Chimene adzagamule mudzalipira, chaka chamawanso mudzasonkha zambiri. Imeneyo ndi nkhani yanu. Ine ndabwerera dzanja."

"Koma wolakwa ndine," anatero Gisbert. "Meinolf nayenso ananama kuchipatala."

"Si woyamba. Amuna a m'mapiri muno onse amavulala powaza nkhuni, ngakhale amene alibe mbaula." Anatseka fayilo. "Ife pochiza munthu sitiyamba tafunsa kuti wolakwa ndani. Kaya munalakwa ndinu, kaya ndi iye, anavulala akugwira ntchito, basi. Dzanja limenelo tsopano ndi lathu tonse. Mumayesa ndalama munkasonkha zija zinkapita kuti?"

Gisbert anangoima, jekete ikumuthina m'khwapa.

Woyendera makina anabweradi, ndipo anamukalipira pamaso pa antchito ake onse. Gisbert anamvetsera mutu uli pansi. A bungwe anamusamutsira Meinolf ku chipatala chachikulu cha ovulala pantchito, ulendo wa maola awiri pagalimoto. Anamuchitanso opaleshoni kawiri kuti alumikize mitsempha. Roswitha ankalandira ndalama zodyera mwezi ndi mwezi, mpaka ya sitima yokamuonera ankamubwezera.

Chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chitasungunuka, Gisbert anapita kukamuona. Iye ankayembekeza mabedi ndi fungo la mankhwala. Koma namwino anamutsogolera kunsi, n'kutsegula chitseko chachikulu, ndipo Gisbert anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

Munali ngati tauni yaing'ono imene aimangira m'nyumba. Kuno kunali denga lenileni la matailosi, ndipo mwamuna wa mwendo wachitsulo ankakwera makwerero pang'onopang'ono, mtsikana wovala zoyera atagwira chingwe pansi. Uko munthu wamanja opserera ankakanda ufa wa buledi. Wina ankayala njerwa khoma limene madzulo amaligumula kuti mawa ayambirenso. Panalibe woseka mnzake, panalibe womvera mnzake chisoni. Aliyense ankangophunzira kachiwiri ntchito imene anaidziwa moyo wake wonse. Gisbert anaganiza za eni mashopu onse a dziko lino, ophika buledi, okhoma madenga, opha nyama, aliyense akuponya kalata yake pa benchi ndi kutukwana, osadziwa kuti akumanga chipinda chimenechi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Iye ankayesa ndi mwambi chabe, sankadziwa kuti anthu angaumange ndi njerwa n'kuuikira madokotala.

Pakona panali benchi ya kalipentala, ndipo Meinolf anali pomwepo, akutola misomali ing'onoing'ono m'mbale, umodziumodzi, n'kumaiika m'botolo. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali ndi zipsera zofiira kuzungulira, zinkanjenjemera, koma zinkakumana. Thukuta linkatsika m'masaya mwake.

"Makumi anayi ndi itatu," anatero mtsikana womuphunzitsa. "Dzulo inali makumi atatu. Akapitiriza chonchi, m'chilimwe abwerera ku shopu, poyamba maola anayi patsiku."

"Amandizunza, abwana," anatero Meinolf osatembenuka. "Kuposa inu. Sindinkadziwa kuti n'zotheka."

"Akuchita bwino. Pena ukhoza kuphunzira ntchito."

Meinolf anaika msomali womaliza, napukuta dzanja pa epuloni. Anaima, n'kumuyang'ana Gisbert nthawi yaitali.

"Anakulipitsani zingati?"

"Sizikukukhudza."

"Ndikanangokhala chete, bwenzi..."

"Bwenzi uli pakhomo ukumusowetsa mtendere Roswitha. Khala chete tsopano."

Meinolf anangotambasula dzanja lamanja, lija la zipsera. Gisbert analilandira mosamala, mongolikhudza, poopa kuliphwanya. Koma zala zija zinapinda, zinamukulunga, n'kuyamba kufinya. Zinafinyabe mpaka mphete ya ukwati ya Gisbert inaluma fupa.

Zinkapweteka ndithu. Gisbert sanachotse dzanja.