Mathirakitala a Muimba

"Akanakhala opakidwa penti tikanakamba mtengo wina," anatero a Pickett, akumenya tayala la thirakitala yofiira ndi nsonga ya nsapato. "Komabe ndiwatenga onse asanu ndi awiri. Lolemba m'mawa malole afika."

Curtis Hegna anavomera ndi mutu. Linali Lachitatu. Bambo ake, a Arlo, anali atamwalira dzana lake, ndipo mwambo woika maliro unali woti uchitike Loweruka. A Pickett, omwe ntchito yawo ndi kugula mathirakitala akale n'kukagulitsa kwa anthu owasonkhanitsa, ananunkhiza imfayo mkate wa pamaliro usanaphikidwe n'komwe.

Mlongo wake wa Curtis, Darla, analowa m'shedimo atanyamula khofi. Ataona mlendoyo anaima pakhomo, makapu ali m'manja.

"Achimwene, bokosi silinatsike inu mwatsegula kale msika?"

"Usayambe, Darla. Bwera udzaone."

Curtis anatenga ndodo yoyezera mafuta imene bambo awo ankaipachika pamsomali, n'kuiviika m'thanki ya thirakitala yoyamba. Inatuluka yonyowa mpaka kumwamba. Yachiwiri inafika pakati. Yofiira ija inangonyowa kunsonga.

"Munthu amene chaka ndi chaka, Okutobala akangoyamba, ankakhuthula mafuta onse kuti asaole m'nyengo yachisanu, ndi uyu? Sabata yatha wathira mafuta mwachisawawa, apa ambiri, apo pang'ono. Mutu unali utayamba kusokonekera, inu simunkaona chabe."

"Inu mukanaona bwanji, poti kuno mumabwera pa Khirisimasi pokha?"

A Pickett anayamba kuwerenga denga. Kenako anasiya khadi lawo pampando wa thirakitala ina, n'kunena kuti aimba Lamlungu.

Tonse a dera lino la kumpoto kwa Iowa tikudziwa chimene chinkamudya Curtis. M'chaka cha 1985 chimanga chinagwa mtengo, mabanki n'kuyamba kulanda mafamu. Mwezi uliwonse kunkachitika okushoni pakhomo pa munthu wina. Lamulo lathu linali losalembedwa koma lolimba: pa okushoni ya mnansi wako umapita kukaima naye, manja uli nawo m'matumba. Sugula ngakhale fosholo, pajatu chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. A Arlo okha, munthu woumira amene sanakongolepo ku banki, ndi amene ankakweza dzanja. Maokushoni asanu ndi awiri, mathirakitala asanu ndi awiri. Anthu anawapatsa dzina loti Muimba, mbalame yodya zakufa, ndipo dzinalo linawamatirira mpaka imvi. Curtis anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kusukulu ankamutcha Kamuimba. Atangomaliza sukulu anapita kumzinda wa Des Moines osacheuka.

Chodabwitsa n'chakuti a Arlo sankalimira mathirakitalawo. Ankawapukuta, kuwathira girizi, kuwaliza Loweruka lililonse, basi. Anzawo okonda mathirakitala akale amapala dzimbiri n'kupaka penti yonyezimira moti munthu n'kumetera ndevu. Iwo ayi. Pachionetsero cha chaka ndi chaka anthu ankawaseka kuti mathirakitala a Hegna amabwera atavala zakumunda. A Arlo sankayankha. Mawu ankawaumira ngati mmene ankaumirira mafuta.

M'khitchini tebulo linali litadzaza ndi zimene amayi a kutchalitchi anabweretsa, mbale za mbatata zophika ndi tchizi, nyama ya nkhumba ndi makeke a maapulo. Mayi awo, a Verna, anakhala kumapeto kwa tebulolo akusalaza kapepala ndi chikhatho.

"Mathirakitala aja aperekeza bokosi mpaka kumanda," anatero. "Ndi mmene timaikira anthu a mathirakitala kuno. Akatero muzichita zimene mukufuna."

"Amayi, tidutse nawo mumsewu pamaso pa eni ake? Ndipo ayendetse ndani? Tilipo awiri."

"Eni akewo."

A Verna anamukankhira Curtis kapepalako. Kanali kothothola m'kabuku ka kampani ya mbewu, kolembedwa ndi pensulo m'zilembo zopendekera za a Arlo. Pamwamba panali mawu amodzi, Oyendetsa. M'munsi munali mayina asanu ndi awiri ndi manambala a foni. Pomwe mwini wake anamwalira, a Arlo analemba dzina la mwana wake.

Curtis anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

"Sizinawakwanire ali moyo? Akufuna anthu amene anawalanda awachitire pelete ali m'bokosi?"

"Bambo ako sanalande munthu."

"Nanga anatani?"

"Sanandiuze, ndipo sindinafunse. Ndinangoona kuti munthu wolanda sagona m'shedi akulira." A Verna anavula magalasi. "Pita kwa Merle Sorum. Dzina lake ndi loyambalo, ndipo enawo amamva za iye. Akakana, uimbire munthu wakoyo abwere ngakhale mawa, sindinena kanthu."

"Akana, amayi."

"Ndiye ukuopa chiyani?"

A Merle Sorum ankakhala m'tauni, mamailosi asanu ndi atatu kuchokera kutchalitchi, m'kanyumba ka kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Banki itawalanda famu, anagwira ntchito yosesa pasukulu mpaka kupuma. Curtis anawapeza Lachinayi masana akusesa masamba pabwalo laling'ono ngati mpango.

"Mwana wa Arlo," anatero osasiya kusesa. "Wanenepatu. M'tauni mumadya chiyani, mapepala?"

"Pepani a Sorum, ndatumidwa ndi amayi. Ine ndinawauza kuti n'zosayenera." Curtis anawapatsa kapepalako.

A Merle anakawerenga katali, atakatambasulira kutali ndi maso. Kenako anakhala pansi pamasitepe a khonde.

"Mbuzi ya munthu," anatero motsitsa. "Mpaka pano sanagonje."

"Ndikudziwa zimene anakuchitani. Simukuyenera kubwera."

"Ukudziwa chiyani iwe? Unali ndi mamina m'mphuno. Khala pansi apa."

Curtis anakhala.

"Tsiku la okushoni yanga tonse tinaima manja m'matumba, tikudziona ngati angelo. Koma panabwera anthu ochokera kutali, ogula zitsulo. Iwo matumba analibe nawo ntchito. Thirakitala yanga inali ikupita kwa mmodzi wa iwo, kuti akaiphwasule. Bambo ako anadikira mpaka nyundo ya wogulitsa itatsala pang'ono kugunda, n'kukweza dzanja. Ndinawaona ndi maso angawa, koma mkwiyo suona bwino. Patapita sabata ndinamva injini yanga ikulira pamsewu. Ndimaidziwa ngati chifuwa cha mkazi wanga. Arlo anaiimika pakhomo pa nyumba imene tinkachita lendi, akuti Merle, nayi yako."

"Anakubwezerani?"

"Ndinamutulukira ndi fosholo. Ndinati ine si wopemphapempha, ndipo akadzabweranso ndidzamuswa mutu. Mkazi wanga Ione ali pawindo, ana akuona. Banki itakuvula, mnzako abwere kudzakuveka anthu akuona, zimapweteka kuposa kuvulidwako. Arlo anangoti, chabwino, ndikusungira mpaka udzaitenge wekha. N'kubwerera nayo."

"Ndiye bwanji sananene? Zaka zoposa makumi atatu anthu akumutcha Muimba!"

"Akananena, anthu akanadziwa kuti Merle Sorum ndi chitsiru chonyada. Enawo akanamva za fosholo yanga, palibe amene akanalandira yake, ndipo Arlo sanayesenso." A Merle anapinda kapepalako pakati. "Dzina limenelo ndinamupatsa ndine, mnyamata iwe. Ku malo omwera khofi a pakona apo, anthu ali tho. Ndinkadikira kuti tsiku lina adzanditsutsa. Ankangondipatsa moni."

Curtis anamva manyazi otentha, osati a bambo ake tsopano koma ake. Anakumbukira makalata a bambo ake amene sankawayankha, ndi mmene ankanenera kwa anzake a kuntchito kuti kwawo kulibe chimene anasiyako.

"Anaipaka penti?" anafunsa a Merle mwadzidzidzi.

"Ayi. Palibe imene anaipaka."

"Pampando pa yanga yofiira ija pali chiyani?"

"Kakhushoni kakale ka nsalu ya mabokosimabokosi. Kong'ambika pakona."

A Merle anayang'ana kumbali, kumene kunalibe chilichonse choyang'ana. A Ione anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo kakhushoniko anasoka ndi iwo.

"Mubwera?" anafunsa Curtis.

"Nyamuka, ukundipondera masamba."

Loweruka kunacha kozizira, udzu uli mbuu ndi chisanu. Bokosi linali litaikidwa kale pangolo ya udzu wa ng'ombe, pamwamba pa bulangete la a Verna. Curtis anatsegula zitseko zonse za shedi n'kuima pakhomo atavala suti, khadi la a Pickett lili m'thumba. Nthawi ya 9 koloko inakwana msewu uli zii. Darla anayamba kuyang'ana wotchi, kenako anasiya.

Itadutsa ndi mphindi makumi awiri kunaoneka fumbi. Galimoto yoyamba inali ya a Merle, ndipo kumbuyo kwake kunali zina zisanu ndi imodzi. Munatuluka nkhalamba zitatu ndi ana atatu a eni mathirakitala amene anamwalira, mmodzi mwa iwo Jolene Lindgren, amene anachokera kutali kuposa onse, mamailosi makumi asanu. Palibe amene anafunsa kuti yanga ndi iti. Aliyense anangolunjika, ngati ng'ombe polowa m'khola.

A Merle anaima pafupi ndi yofiira ija. Anagwira kakhushoniko ndi zala ziwiri, n'kukasiya. Kenako anavula jekete, kulavulira m'manja, n'kugwira chitsulo chopukusira injini kutsogolo.

"Ndikuthandizeni, a Sorum?"

"Uthyoka mkono, wa m'tauni iwe. Chala chachikulu sichizungulira chitsulo, bambo ako sanakuphunzitse?"

"Anandiphunzitsa. Sindinkamvera."

Anapukusa kamodzi, kawiri. Kachitatu injini inatsokomola, n'kugwira. Posakhalitsa shedi yonse inali kunjenjemera, utsi wabuluu uli tolotolo, ndipo a Verna, amene sanalire chimwalirire amuna awo, anabisa nkhope m'mpango.

A Merle ndi amene anakoka ngolo. Mamailosi atatu a kutchalitchi anawayenda pang'onopang'ono, pakati pa minda ya chimanga chouma. Alimi amene ankakolola anaimitsa makina awo n'kuvula zipewa. Ena mwa iwo anali omwe aja ankatchula dzina lija, ndipo ndikuvomera kuti inenso ndinalitchulapo.

Atatha kuika maliro, anthu ali m'chipinda cha pansi pa tchalitchi kumwa khofi, oyendetsa aja anatuluka kuti abweze mathirakitala kushedi. Pachipata cha tchalitchi msewu umagawikana, wa kumanzere kupita kufamu ya a Hegna, wa kumanja kupita kutauni. Curtis anawatsatira, Darla ali pambuyo pake atanyamula ndodo yoyezera ija, imene anaitenga kuopa kuti wina mafuta angamuthere panjira.

"Bweretsa kuno," anatero a Merle. "Arlo sindimukhulupirira pa nkhani ya mafuta."

Anaviika ndodoyo m'thanki, n'kuiyang'ana. Anaiyang'ananso, milomo ikuyenda ngati akuwerengera.

"Jolene! Yako ili bwanji?"

Jolene anatsegula chivindikiro cha yake n'kusuzumira. "Yangotsika pang'ono. Inali yodzaza."

A Merle anatembenukira kwa mmodzi wa nkhalamba zija. "Iwe Gordon, kwanu ndi mamailosi makumi awiri ndi asanu eti? Tayeza."

Ya Gordon inali chapakati. A Merle anayamba kuseka, kuseka kogwedeza mapewa, mpaka anagwira tayala kuti asagwe, misozi ikutsikira m'makwinya.

"Mamailosi asanu ndi atatu," anatero akumuonetsa Curtis kunsonga konyowa kwa ndodoyo. "Awa ndi ofikira pakhomo panga ndendende. Ngakhale dontho limodzi lapamwamba ayi. Mutu wa bambo ako unali bwinobwino, mnyamata iwe. Woumira mpaka m'manda!"

Maso a onse anali pa Curtis, poti mathirakitalawo tsopano anali m'manja mwake. Iye anapisa dzanja m'thumba, n'kukhudza khadi lija, n'kulisiya momwemo. Anayenda mpaka pachipata, n'kuima pakati pa msewu wa kumanzere, suti yake ikuuluzika ndi mphepo. Anatambasula mkono kuloza kumanja.

A Merle anakonza kakhushoni ka akazi awo, n'kukhalapo. Podutsa pa Curtis sanaime. Anangomuponyera ndodo yoyezera ija.

"Ukaipachike pamsomali pake," anakuwa. "Ikasowa, adzuka ameneyo."