Manja a Ankolo Gregory

Watipa ndiye anawagoneka ankolo Gregory, ndipo ndiyenso anawadzutsa. N'chifukwa chake foni ya anti Getrude, akazi awo, inamudabwitsa kwambiri.

Chinali chaka cha 1998. Watipa anali ku Nairobi kuphunzira ntchito yogonetsa odwala pa opaleshoni. A Gregory, Mmalawi mnzake wogwira ntchito ku bungwe lina la mpingo, sanali abale ake enieni, koma kunja kuno aliyense wolankhula Chichewa ndi ankolo. Atauzidwa kuti ndulu yawo ili ndi miyala ndipo iyenera kuchotsedwa, anachita kupempha kuti mwana wa kwawoyu akhalepo m'fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni.

Zonse zinayenda bwino. Moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wake, Watipa anawapatsa mankhwala ogonetsa, kenako ofooketsa minofu, aja amachititsa thupi lonse kulobodoka kuti dokotala atsegule mimba popanda kulimbana nayo. Atamaliza kusoka, anawabaya ena obwezeretsa mphamvu, otchedwa niyositigimini. Posakhalitsa anayamba kupuma okha.

"Ankolo, ndifinyeni dzanja," anatero Watipa.

Anamufinya mpaka zala kulira.

Tsono patapita sabata ndi masiku, anti Getrude anaimba ku hositelo. "Mwanawe, mankhwala ako odzutsa aja anathera panjira. Miyendo ikuyenda, pakamwa ndiye osanena, koma manja afa. Ubwere Lamlungu udzaone wekha."

Watipa anakwera matatu, minibasi ya kumeneko, yopita kwawo kwa ankolo ku Hurlingham, mtima uli m'mwamba. Ankadziwa kuti mankhwala ofooketsa aja sagona m'thupi, ngakhale osawabweza amatha okha tsiku lomwelo. Nanga n'chiyani? Kodi mkono unapanikizika patebulo paja, mtsempha n'kuvulala? Koma manja onse awiri? Anatsika pa msewu wa Argwings Kodhek akubwereza m'mutu zonse anachita tsiku lija.

Anawapeza ankolo pasofa, mapilo mbali zonse, manja ali lende ngati zovala zonyowa. Anti anali pambali pawo ndi mbale ya mapapaya oduladula, akuwadyetsa ndi foloko.

"Mwaswera bwanji, ankolo?"

"Ine ndiye ndi mmene ukundioneramu, mwana wanga," anayankha ndi mawu a munthu wotsanzika. "Sindikukuimba mlandu ayi. Mwina botolo lake linali lotsalira."

Watipa anagwada n'kuwagwira mkono. Anaukweza m'mwamba, pamwamba penipeni pa nkhope yawo, n'kuusiya. Mkono uja unatsika bwinobwino, n'kukhota pang'ono kulambalala mphuno, n'kukagwera papilo. Anayesa winawo. Nawonso unkaidziwa bwino mphuno ya mwini wake.

Mantha onse anamuthera. Chinatsala ndi chiseko chimene chinkamukwera pakhosi.

"Tiye undithandize tiyi," anatero anti Getrude.

Atangolowa kukhitchini, anti anatseka chitseko n'kutsegula mpope kuti madzi azisokosera.

"Waona?"

"Anti, manja aja..."

"Ndi amoyo kuposa anga. Lachinayi ndinasiya botolo la chiponde lomwe linandikanika kutsegula. Pobwera kuntchito ndinalipeza lotsegula, supuni ili momwemo. Akuti mwina ndi Pempho. Mwana wathuyo ali ku sukulu yogonera konko ku Limuru!"

"Nanga osangowauza bwanji?"

"Ndiwauze kuti akane? Bambo ake a Pempho sanagonjepo pa mkangano chikwatiraneni. Ndikufuna achire okha, pamaso pa dokotala."

Anatsegula kabati n'kutulutsa chida chawo chokongoletsera makeke, chachitsulo, chonenepa ngati chisononkho, chokhala ndi chokankhira kumbuyo ndi kamlomo kosongoka kutsogolo. Watipa anachiyang'ana, n'kuyang'ana anti. Anakumbuka mmene mtima wake unagundira m'matatu muja, ndipo anapempha mkaka ndi thaulo loyera.

Anabwerera pabalaza atanyamula thireyi, nkhope ili ya kuntchito.

"Ankolo, mwanena zoona. Nthawi zina pamafunika jakisoni wachiwiri. Mwamwayi ndabwera naye."

Anavundukula thaulo pang'ono. A Gregory anayang'ana chitsulo chija, maso n'kukula.

"Ameneyo ndi wa anthu?"

"Wa anthu akuluakulu. Timabaya pathako, pang'onopang'ono, chifukwa mankhwala ake ndi olimba."

"Ujeni, kodi si zoti munthu angomwa mapiritsi?"

"Ayi. Komanso ndikuuzeni zoona zake, poti ndinu ankolo anga. Mankhwala amenewa sadzutsa manja okha. Amadzutsa chilichonse. Dovu limachita kuyenderera. Mtima umayenda ngati watopa. M'mimba namo mumayamba kubwadamuka, ndipo sizidikira kuti munthu afike kuchimbudzi. M'fiyeta timawaphatikiza ndi ena oletsa zonsezi."

"Ndiye enawo uli nawo?"

"Ndaiwala ku hositelo."

Zokhudza dovu, mtima ndi m'mimbazo sanawonjezere, ndi zomwe ankawerenga pokonzekera mayeso. Bodza linali mkaka wokha.

"Pole, pepani bambo," anatero anti Getrude mwachifundo, akuyala pulasitiki pasofa. "Tembenukani. Watipa, ndigwire miyendo?"

A Gregory anali munthu wolimba mtima, zimenezo Watipa anavomereza. Anatembenuka ndithu, mosamala chifukwa cha bala, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Anti anayamba kumasula chingwe cha pijama. Watipa anakankha chokankhira chija, kadontho koyera n'kutuluka kumlomo, kenako anagunditsa chitsulo chozizira pakhungu.

Dzanja linatuluka pansi pa pilo ngati mphezi n'kumugwira pamkono. Linalo linali litakoka kale pijama mpaka pachifuwa.



"Zodabwitsa!" anafuula a Gregory, akuyang'ana zala zawo ngati akuziona koyamba. "Fungo lokha! Mayi ake a Pempho, mwaona mphamvu ya mankhwala a masiku ano?"

"Ndaona," anatero anti. Anatenga chida chija m'manja mwa Watipa n'kufinyira mkaka wonse mu kapu ya tiyi ya amuna awo. "Imwani. Nokha."

Watipa anathawira kukhitchini, n'kukaseka atatsamira firiji mpaka misozi.

Dzuwa litapendeka, ankolo anaumirira kumuperekeza pa siteji. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lili pabala. Anadutsa mayi wogulitsa ndiwo zamasamba za sukuma ndi mnyamata wootcha chimanga.

"Usakanene kutchalitchi," anatero ankolo kenako.

"Za odwala sitinena, ankolo. Koma n'chifukwa chiyani?"

Anakanda kumutu. "Tsiku loyamba anali olemeradi. Ndiye anti akowo anakhala pambali panga, kundidyetsa, kundifunsa ngati pilo ali bwino. Chibwerereni ku Nairobi kuno timangopatsana moni pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Ndinati ndiwonjezereko tsiku limodzi. Kenako ndinasowa potulukira."

Matatu inaima, kondakitala akumenya chitseko n'kumakuwa za ku tauni. Watipa anailola kuti ipite.

"Tibwerere," anatero.

Anti Getrude anadabwa kuwaona onse awiri pakhomo.

"Ndinaiwala malangizo, anti. Munthu wochitidwa opaleshoni ya m'mimba ayenera kuyenda madzulo aliwonse. Izi ndiye zoona, mukhoza kufunsa dokotala aliyense. Koma asamayende yekha. Pazikhala womugwira mkono."

Anti anayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. A Gregory anali kuyang'ana denga.

"Mpaka liti?"

"Mpaka ine nditanena."

"Chabwino," anatero anti, akufunafuna nsapato kuseri kwa chitseko. "Koma mbale zili m'sinki zija akatsuka kaye. Madzi ofunda amathandiza zala."